Chilembo Chimene Makina Anachotsa

Ku Namitumbo, mudzi wa m'mbali mwa msewu wotsika kuchokera ku Massangulo kupita ku Mandimba, mukatchula Mayi Anastaziya anthu amayambira pa chitseko. Pa 16 Juni 1994, tsiku limene malole a obwerera kwawo anawatsitsa pa mphambano, anzawo anasenza ufa, mapoto ndi makasu. Iwo anasenza chitseko chimene amuna awo, Bambo Eliya, anakhoma ali ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Analowa nacho m'thengo momwe kale munali mudzi, nachitsamiritsa pa mtengo wa mango. Nyumba panalibe, chipupa panalibe, udzu wokhawokha wofika m'khosi.

"Amake Mphatso, mwatseka kuti afisi azigogoda?" anatero mnansi wina.

"Nyumba idzachipeza pompano," anayankha iwo.

Inachipezadi, poyamba ya mitengo ndi dothi, kenaka mu 1997 ya njerwa zootcha. Chinthu chachiwiri chimene anthu amakumbukira n'chakuti, kufikira tsiku limene anatisiya, pa 7 Malichi 2017, mayiwa sankalola kuti uthenga wawo utumizidwe munthu wachiwiri asanauwerenge. Mafoni atafika m'mudzi, adzukulu ankatopa nazo: wina alembe, wina wosakhalapo polemba aitanidwe kudzawerenga mokweza, ndipo pokhapo batani likanikizidwe. Ambiri ankati ndi ukalamba. Sunali ukalamba. Khalidweli lili ndi tsiku limene linabadwa.

Mayi Anastaziya anabadwa pa 3 Meyi 1952, woyamba mwa ana aakazi awiri. Mng'ono wawo Otília anawapondera patapita zaka zinayi, ndipo atakula anafanana mwakuti anthu a kumpingo ankadikira kuti mmodzi aseke kuti adziwe amene akulankhula naye, pakuti Otília anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Sukulu ya ku mishoni anaipita zaka ziwiri zokha, zokwanira kuwerenga mapemphero a m'Chinyanja chala chikutsogolera. Chipwitikizi chawo chinali cha pamsika. Chingerezi analibe ndi pang'ono pomwe. Anakwatiwa mu 1971, nabereka ana aamuna atatu, Mphatso woyamba. Mwana wamkazi sanamuone. Kuno mtundu umayenda ndi ana aakazi, dimba la mayi limasiyidwa kwa mwana wamkazi, choncho Otília atabereka Agnesi pa 2 Febuluwale 1981, mwanayo anali wa onse awiri.

Nkhondo inayamba ndi kutenga bambo ake a Agnesi. Anthu a mfuti anawasenzetsa katundu mu 1985, ndipo wina amene anathawako anadzanena pamene anagwera. Chaka chotsatira, m'mawa wa pa 9 Okutobala, mudzi wonse unathawa. Pa mtsinje mfuti zinalira tsidya lino ndi tsidya lija, anthu nabalalika ngati nkhanga, ndipo dzanja la Agnesi linapulumuka m'dzanja la amake. Otília anabwerera kumtsinjeko kawiri. Ulendo wachiwiri anabwerako akukwawa, chipolopolo chili m'ntchafu. Anamunyamula mpaka ku msasa wa kuseri kwa Chiponde, tsidya la Malawi, kumene anamwalira pa 21 Okutobala. Mawu ake omaliza omveka anali akuti, "Achemwali, mwana uja ngwanu."

Mayi Anastaziya anayenda msasa ndi msasa, napereka dzina la mwanayo kwa aliyense wogwira cholembera. Palibe chinabwera. Atabwerera kwawo anatema thengo, anamanga chigafa cha fodya, anatunga madzi oumbira njerwa za tchalitchi chatsopano. Dimba la amayi awo ankalima okha, koma polinena ankati "kwa Agnesi". Apongozi awo aakazi, akazi a ana awo, anazolowera kumva kuti, "Kathyoleni mpiru kwa Agnesi," chikhalirecho sanamuonepo munthuyo.

Lamulungu pa 8 Ogasiti 2004, mapemphero atatha, akatekisiti anatulutsa pepala lochokera ku Cuamba limene linkawerengedwa m'matchalitchi onse a chigawocho. Namwino wina wa ku Zomba ankafunafuna kwawo. Anatoledwa pa msewu ali wa zaka pafupifupi zisanu, naleredwa ndi mphunzitsi wina wamasiye. Ankakumbukira zinthu zinayi: kuti dzina lake ndi Agnesi, kuti amake ankaitanidwa Otília, belu la tchalitchi chachikulu cha njerwa, ndi chipsera cha phala pa mkono wake wamanzere, chimene akali nacho.

Anthu onse anatembenuka. Mayi Anastaziya anali chikhalire pa benchi, kamwa lili yasa, manja atagwera pa maondo ngati a munthu wina. Chilonda cha phala chija anachipaka uchi ndi iwowo. Anatuluka m'tchalitchimo atagwiridwa uku ndi uku.

Yankho linayenera kudzera njira imene funso linabwerera, ndiye kuti pa intaneti, ku Cuamba. Anafikako Lachisanu pa 20 Ogasiti, iwo ndi Bambo Eliya, atagwedezeka m'shapa, galimoto yonyamula anthu, tsiku lathunthu, fumbi lili m'mano. Anawalozera kachipinda kuseri kwa sitolo yojambula mapepala, kumene kunali kompyuta imodzi yofunditsidwa nsalu ya kapulana. Mwini wake anali Bambo Silvestre, mphunzitsi wakale, wa mtundu wa Amakhuwa, wa ku Cuamba komweko, wa tayi wofiirira ndi ulemu wochuluka. Iwo nkhondo yonse sanachoke m'tauni. Chingerezi chawo sichinali cha ku Malawi ayi; anachikumba okha m'dikishonale ndi pa wailesi, ndipo m'tauni monse ankadziwika kuti ndiwo owerenga mauthenga ochokera kunja. Chinyanja ankachimva mwa apo ndi apo. Choncho mawu anayenera kuwoloka kawiri: Mayi Anastaziya anene m'Chinyanja, Bambo Eliya atembenuzire m'Chipwitikizi cha ku mishoni, Bambo Silvestre alembe m'Chingerezi, chifukwa namwinoyo analemba m'Chingerezi.

"Tiyambe ndi za amake?" anafunsa Bambo Eliya motsitsa mawu.

"Maliro sanenedwa pa waya, bambo a Mphatso. Adzamva atakhala pansi, pali munthu womugwira. Angomuuza kuti abale ake tili moyo, tikumudikira. Abwere Loweruka pa 18 Seputembala, atipeza ku Mandimba pafupi ndi msika, pa khonde la mnzanga Jamila."

Bambo Eliya anatembenuza. Pa mawu akuti abale ananena kuti *parentes*, monga aliyense wodziwa Chipwitikizi akananenera. Bambo Silvestre analemba ndi zala ziwiri, lilime lili pakona pa kamwa. Ankayamba alemba zonse pambali, kenaka n'kulumikiza waya wa foni kuti atumize. Mayi Anastaziya ankayang'ana galasilo monga momwe munthu amayang'anira mphika wa eni. Mwadzidzidzi pansi pa mawu amodzi panabuka kamzere kofiira, kopindikapindika ngati nyongolotsi.

"Icho n'chiyani? Chatuluka magazi?"

Bambo Silvestre anaseka mwaulemu. Anafotokoza kuti makinawo amagwira wolakwa kalembedwe, ndipo amamuuzanso mawu oyenera. Anakanikiza kamodzi, nyongolotsi ija n'kuzimirira.

"Mwaona, mamã? Achotsa chilembo chimodzi chokha, *e*. Angerezi ndi aulesi, mawu athu omwewa amangowadula mchira."

"Ndiye kuti aphunzitsi nawonso apeza wowakwapula," anatero Bambo Eliya, ndipo amuna awiriwo anaseka.

Mayi Anastaziya anapempha kuti awawerengere zimene zalembedwa. Bambo Silvestre anawerenga, akubwezera m'Chipwitikizi mawu ndi mawu: abale ako ali moyo, akukudikira. Zinali zomwezo. Makina analira ngati mwana wa mbuzi wotsamwa, uthenga n'kupita.

Masabata otsatirawo nyumba inazirwa mwatsopano, chitseko chinapakidwa mafuta, mphasa yatsopano inagulidwa. Tsiku litakwana, dzuwa linawatulukira ali kale pa khonde la Mayi Jamila, mnzawo wa ku msasa, amene tsopano ankagulitsa mchere, sopo ndi nsomba zouma za ku Amaramba pafupi ndi msika wa Mandimba. Maso onse anali ku msewu wochokera kumalire. N'chifukwa chake sanamuone msanga munthu amene anatsika pa lole ya thonje kuchokera mbali inayo, wofiira ndi fumbi kuyambira ku tsitsi mpaka ku nsapato. Anamuzindikira ndi tayi.

Bambo Silvestre sanapereke moni. Anaima pansi pa khonde, pepala lili m'manja, nayamba kulankhula Chinyanja chawo chothyokathyoka, osadikira womasulira. Moto wa m'tchire unatentha mitengo ya mawaya, anatero, ndipo kompyuta inakhala yosalankhula pafupifupi mwezi. Yankho la namwino analiona dzana. Analemba pomwepo kuti akonze, koma mwanayo anali atanyamuka kale.

"Akonze chiyani?" anafunsa Mayi Anastaziya. "Sakubwera?"

"Akubwera, mamã. Vuto ndi lomwelo."

Anawerenga yankholo pang'onopang'ono, Bambo Eliya akuthandiza pamene Chinyanja chawathera. Linayamba ndi mawu akuti: Amayi ndi abambo anga okondedwa. Agnesi ankati chilandirireni uthenga sakugona. Ankati wauza chipatala chonse, ndipo mayi amene anamulera anaitanitsa mapemphero othokoza. Ankati moyo wake wonse wakhala akulemba kuti "anamwalira" pa malo a makolo, ndipo tsopano akuyenda m'misewu akuseka yekha ngati wamisala. Wagula nsalu ya amayi ndi jekete la abambo, ngakhale sakudziwa msinkhu wawo.

Ntchentche zinkazungulira pa nsomba.

"Amayi ake ati?" anatero Mayi Anastaziya. "Ife tinati abale."

"Munati abale. Papá Eliya anati *parentes*. Ine ndinalemba *parentes*. M'Chipwitikizi amenewo ndi onse, amalume, azakhali, asuweni. Makina anandipatsa *parents*, ine ndinayesa ndi mawu omwewo atavala zovala zina. Dzana ndi pamene ndinatsegula dikishonale. M'Chingerezi *parents* ndi anthu awiri okha, mamã. Amene anakubala."

"Koma munatiwerengera."

"Ndinawerenga zimene zinali m'mutu mwanga."

Mayi Anastaziya anagwira mzati. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakonzekera kuuza mwana wamasiye kuti ali ndi kwawo. Sanakonzekere kupha mayi ndi bambo ake kachiwiri, masana, pa msika, mwanayo atanyamula mphatso zawo.

"Ndiye mwadzutsa akufa ndi chala chimodzi, aphunzitsi," anatero Bambo Eliya, koma palibe anaseka, ngakhale iwo eni.

Anali Mayi Jamila amene ananena zimene zinali zitayamba kale kuyenda m'mitima. Anasendera pafupi, natsitsa mawu.

"Anastaziya, tandiyang'ana. Nkhope ndi yomweyo. Mwana anali wa zaka zisanu, akumbukira chiyani? Ndipo bodza lili pati? Mng'ono wako akapita, mwana ngwa yani? Nanga si ndiwe amake?"

"Ine ndiye ndikhala yani?" anafunsa Bambo Eliya.

"Inu mungovala jekete n'kukhala chete, monga mumachitira kale."

Lilime la Mayi Anastaziya linapita lokha kutsogolo kwa kamwa, kumene mano awiri anagweruka chaka cha njala ku msasa. Ngakhale mpata wa Otília sukanawaulula. Panalibenso mano oti pakhale mpata. Anachita mantha ndi mmene ganizolo linakhalira bwino m'mtima mwawo.

Dzuwa lili pamutu, njinga ya kabaza inatulukira kuchokera kumalire, kumbuyo kwake kuli mtsikana wamtali wa magalasi, chikwama chili pamiyendo. Asanatsike n'komwe, Mayi Anastaziya anamva tsitsi likuwaimirira. Anali Otília, mapewa ake, khosi lake, kapendekedwe ka mutu pofunafuna munthu. Mtsikanayo anayang'ana nkhope za pa khonde imodziimodzi, naima pa yawo. Chikwama chinagwa m'fumbi. Anafika ali chogwada, nakulunga manja m'chiuno mwawo.

"Amayi."

"Mwanangu," anayankha iwo, ndipo silinali bodza. Anakweza mkono wamanzere wa mtsikanayo, napeza chipsera pamalo pake, chitakula pamodzi ndi mwini wake.

Zotsatira zinayenda ngati madzi otsetsereka. Jekete linatuluka, lakuda, la mabatani onyezimira, ndipo Agnesi anawaveka yekha Bambo Eliya. Manja ake anapitirira zala.

"Ndinkaganiza kuti ndinu wamtali, ababa. Ndinkakuonani ngati mtengo."

"Nkhondo imafupikitsa, mwanawe," anatero Mayi Jamila msangamsanga, akuthira tiyi.

Bambo Eliya anangoyang'ana pansi, thukuta likutsika m'khosi. Bambo Silvestre anali atapita kukaima pansi pa mtengo tsidya la msewu. Sanachoke, sanayandikirenso.

Atamwa tiyi, Agnesi anapempha kuti akhale awiri. Anawayalira mphasa kuseri kwa sitolo, pamthunzi wa nkhokwe. Mtsikanayo anagona mutu pa miyendo yawo ngati kamwana, nayamba kusimba za ku Zomba, za mayeso, za odwala ake. Ankanena "minibasi" ndi "chitenje" pamene iwo akanati shapa ndi kapulana, koma chinali chilankhulo chimodzi, chomveka mawu alionse. Mayi Anastaziya ankamusisita tsitsi, mumtima akuti: mawa. Ndidzamuuza mawa, akaona nyumba, akadya za m'dimba lake. Mwina mkuja.

Kenaka Agnesi anakhala tsonga, navula magalasi.

"Amayi, pali chimodzi. Ndikapanda kufunsa chindidwalitsa. Ndakhala nacho kuyambira ndili mwana, ndipo nthawi zina ndinkakudani nacho, Mulungu andikhululukire. Tsiku lija pa mtsinje ndinaima pa mwala, ndinakuitanani mpaka mawu anatha. Bwanji simunabwerere?"

Apa ndi pamene njira ya Mayi Jamila inathera. Mayi Anastaziya akanatha kulandira dzina la mng'ono wawo, nsalu yake, ngakhale mwana wake. Koma kuti akhalebe Otília anayenera kupepesa kuti sanabwerere, ndi kusiya mwanayu akhulupirire mpaka imfa kuti amake anathawa osacheuka. Anaona ntchafu ija itatupa, ntchentche, milomo yosweka ikutchula dzina limodzi.

"Anabwerera," anatero. "Kawiri."

Agnesi anawayang'ana.

"Ulendo woyamba anakusowa. Wachiwiri anamuwombera. Anakwawa akukuitana. Anakhala masiku owerengeka ku msasa, ndipo pa 21 Okutobala tinamuika. Bambo ako anatsogola chaka chimodzi m'mbuyo mwake."

Mtsikanayo sanalire. Nkhope yake inangotuwa ngati phulusa. Maso ake anatsikira pa kamwa la mayiwo, nakhala pamenepo.

"Amayi anali ndi mpata m'mano."

"Anali nawo."

"Ndinayesa kuti agweruka." Anakweza maso. "Inu ndinu ndani?"

"Anastaziya. Mkulu wake, mimba imodzi. Aja a jekete ndi amuna anga."

Agnesi anasendera kumapeto kwa mphasa. Anatsegula chikwama, natulutsa pepala lopindidwa kambirimbiri mpaka kung'ambika m'mizere, naloza mawu amodzi ndi chala.

"Nanga izi analemba ndani, anti?"

Mayi Anastaziya sankawadziwa mawu akuti anti, koma anawamva kulemera kwake. Anali mawu oitanira munthu wa pa msewu.

Bambo Silvestre anabwera osaitanidwa. Anagwada m'fumbi, tayi ali lendelende, nayamba kufotokoza za chilembo chija. Agnesi anawadula. Analankhula nawo m'Chingerezi, motsitsa, osafulumira, ngati akuwerengera wodwala zotsatira za magazi. Palibe wina anamva zimene ananena, ndipo Bambo Silvestre sanaziululepo. Anthu anangoona munthu wamkulu akuchepa. Atatha, Agnesi anatembenukira kwa Mayi Anastaziya.

"Manda ali kuti?"

"Kumene wachokera. Wawadutsa m'mawa uno."

Mtsikanayo anagwira pakamwa. Ndi pokhapo pamene misozi inabwera.

Anawoloka malire masana omwewo, atatu, Agnesi, Mayi Anastaziya ndi Bambo Eliya, pa njinga. Msasa uja unali utasanduka minda ya eni. Mayi Anastaziya anayenda molunjika pa chulu china, pambali pake pali nkhadze imene anabzala okha, tsopano yaitali kuposa nyumba. Kuchokera pamenepo msewu wa minibasi unkaoneka, ndi anthu okhala m'mawindo. Agnesi anagwada nthawi yaitali. Atadzuka anasasa maondo, nati abwerera ku Zomba tsiku lomwelo. Bambo Eliya anavula jekete, nalipinda, nalipereka ndi manja awiri.

"Sungani. Ndikalipatsa yani?" anatero Agnesi.

Nsalu ija sanaitulutse m'chikwama. Anatsanzika mwaulemu, mopanda kutchula aliyense dzina kapena ubale, nakwera. Namitumbo sanamuone, dimba sanalione, chitseko chopakidwa mafuta sanachikhudze.

Mvula yoyamba inagwa, anthu anabzala. Mayi Anastaziya ankapita kudimba n'kubwerako osalankhula ndi munthu. Kunyumba analeka kunena kuti "kwa Agnesi", ankangoti kumunsi. Anthu anatukwana makina, ena anatukwana Bambo Silvestre, ena Angerezi. Mayiwo sanalowerepo. Tsiku lina akusankha mbewu anauza amuna awo kuti, "Makina analowa pa mpata umene ndinasiya ine. Ndikanati amako anapita, ine ndine mkulu wawo, chilembo chimodzi chikanachita chiyani?"

Pa 12 Novembala anakweranso shapa ndi amuna awo. Anawapeza Bambo Silvestre ataonda, dikishonale ili chitsegulire pambali pa kompyuta. Anali atasintha kagwiridwe ka ntchito. Mawu alionse a Chingerezi ofanana nkhope ndi a Chipwitikizi ankayamba awafufuza, pakuti anapeza kuti ambiri ndi ofanana nkhope chabe, magazi ndi ena. Zimene makina awauza sankazilandiranso ndi maso otseka. Ndipo uthenga usanapite ankaitana mayi wina wosoka zovala pafupi, amene anaphunzira sukulu ku Malawi, kuti auwerenge n'kunena m'mawu akeake zimene wamva. Bambo Silvestre anawaonetsa kalata yopepesa imene anaikonza m'Chingerezi kwa masabata atatu, yopanda kamzere kofiira ndi kamodzi komwe.

"Imeneyo ndi yanu, mutumize nokha," anatero Mayi Anastaziya. "Yanga mulembe m'Chinyanja."

"Makina sadziwa Chinyanja, mamã."

"Sindikulembera makina."

Bambo Eliya anamenya pamphumi. "Ndiye kuti tinazungulira Ulaya yense kukalankhula ndi mwana wa m'nyumba mwathu."

Inali ntchito ya tsiku lonse. Mayi Anastaziya ankanena, Bambo Eliya ankatchula chilembo ndi chilembo, Bambo Silvestre ankafunafuna pa makinawo. Mawu oyamba atangolembedwa, nyongolotsi yofiira inabuka pansi pake. Achiwiri chimodzimodzi. Pofika mzere wachisanu galasi lonse linali lofiira ngati munda wolimidwa kumene. Dzanja la mphunzitsi linayamba kusendera lokha kuti likonze.

"Musakhudze," anatero mayiwo. "Zisiyeni zikhe magazi."

Uthengawo unali wosazungulira. Unati: Agnesi, ndine Anastaziya, mkulu wa amako Otília, amene anamwalira. Ndinabisa maliro poyamba poyesa kuti ndikukusunga, ndipo pa khonde la Jamila ndinakhala chete chifukwa ndinakufuna. Zonse ziwiri ndi zanga. Amako pomwalira anati ndiwe wanga, koma mawu amenewo anauza ine, sanauze iwe, choncho sakukumanga. Unditche chimene ungathe. Dimba la agogo ako lili kumunsi kwa mudzi, ndabzalamo chimanga ndi maungu. Ndi lako ngakhale usabwere.

Mayi wosoka zovala anaitanidwa, nawerenga mokweza kuchokera pagalasi, chala chikudumpha mizere yofiira. Atafika kumapeto anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, nati palibe chimene wamva chosiyana ndi zimene zalembedwa. Pamenepo Mayi Anastaziya anagwedeza mutu, makina n'kulira kulira kwawo kwa mbuzi.

Sabata inapita, ina inapitanso. Chimanga chinafika m'maondo. Lamulungu pa 5 Disembala, mapemphero atatha, akatekisiti sanawerenge kanthu kutsogolo. Anadikira anthu atuluke, nabwera pa benchi pamene Mayi Anastaziya anakhala, nawapatsa pepala lopindidwa pakati.

"Ili silofuna womasulira," anatero.

Analitsegula. Linali la mizere inayi, m'Chinyanja. Anaika chala pansi pa mawu oyamba monga ankachitira ndi mapemphero, milomo ikuyenda. Chala chinaima. Anabwerera poyambira, nawerenganso.

Amayi aakulu, linatero pepalalo. Ndalandira. Ndibwera pa Khirisimasi, mudzandionetse kumunsiko. Nsalu ija ikadali m'chikwama, ndipo muwauze bambo apinde manja a jekete, asandichititse manyazi ku tchalitchi.

Mayi Anastaziya anaika pepalalo pa maondo. Amayi aakulu. Anawatembenuza mawuwo uku ndi uku kufuna pamene pabisala cholakwa, monga amachitira ndi tsamba la fodya, ndipo sanapapeze. Anatuluka panja, napeza Bambo Eliya ataima padzuwa, zala zitabisika m'manja a jekete.

"Bambo a Mphatso, tawerengani inunso mokweza, ndimve ngati tamva chimodzi," anatero powapatsira. "Koma musakonzepo kanthu."